Tizipatso Tofiira ta Madamu

Ntchito yanga yoyamba ku Dubai inali ku Jumeirah Village Circle, m'nyumba ya azungu. Ndinkalera mwana, kuphika, kuchapa ndi kukolopa. Tsiku lina madamu anabwera ndi miphika ikuluikulu ya zitsamba zaminga, n'kundiitana kuti ndithandize kutsitsa m'galimoto.

"Kwathu kukayamba kuzizira, masamba a mitengo akamayoyoka, zimenezi zimadzaza ndi tizipatso tofiira," anatero.

"Timadyedwa, madamu?"

"Ayi, n'tongokongoletsa. Uonetsetse kuti mwanayu asaike m'kamwa."

Ndinangovomera. Kwathu ku Dedza mtengo timauvutikira chifukwa cha mapichesi kapena mthunzi, koma pantchito ya eni sufunsa zambiri.

Kuyambira pamenepo zitsambazo zinali zanga. Ndinkathirira dzuwa lisanatuluke, madzulo kuthiriranso. Mphepo ya mchenga ikawomba ndinkapukuta masamba ndi kansalu konyowa, minga ikundilasa. Kutentha kutafika pachimake, madamu anati masana zizikhala m'nyumba mozizira. Ndiye ndinkakoka miphikayo kulowetsa, kukokanso kutulutsa, mwana akulira pamwendo panga. Msana unayamba kuwawa nthawi imeneyo, ndipo mpaka lero sunasiye.

Bambo wina wa ku Pakistan amene ankadulira maluwa a mumsewu anasuzumira pampanda, n'kupukusa mutu. "Khalas," anatero, kutanthauza kuti zatha basi. Sananame. Zitsambazo zinkauma chimodzichimodzi, ngati zawauka ndi moto. China chikafa, madamu ankandifunsa ngati ndinathirira. Ndinkayankha kuti eya, mawu ena n'kuwameza.

Chinatsala chimodzi. Chakumapeto kwa chaka kunja kunayamba kupumika, ndipo m'mawa wina ndinaona kuti timaluwa take tasiya tizipatso tochepa, osadzaza n'dzanja lomwe. Patapita masabata tinafiira, ngakhale tinali tokwinyika.

Nditawaitana madamu, anagwada pamchenga ndi zovala zawo za ku ofesi. Kenako anandiuza kuti mayi awo anali ndi mpanda wa zitsamba zomwezi, ndipo anamwalira iwo ali kuno, nyumbayo n'kugulitsidwa. Analira. Ndinawamvera chisoni ndithu, pakuti inenso maliro a bambo anga ndinawamvera pafoni. Koma kunena zoona ndinali wotopa kwambiri. Ndinaima chabe ndi chidebe m'manja, ndikuganiza za zovala zimene zinkandidikira kusita.

Sipanapite nthawi, ntchito ya abwana, amuna a madamu, inatha ndipo banjalo linayamba kulongedza. Tsiku lonyamuka madamu anandigwira dzanja.

"Chitsamba chija ndi chako. Iwe ndi amene unachisunga."

Ndinathokoza. Koma ndikanapita nacho kuti? Ntchito yatsopano ndinaipeza ku Al Mankhool, m'nyumba yosanja yopanda bwalo, chipinda changa chongokwana bedi ndi sutikesi. Ndinachikokera kugeti, kumene kunali mlonda wa ku Mzimba amene tinkapatsana naye moni wa kwathu.

"Achemwali, ndichitani nacho ine chimenechi?"

"Muzingothirira, achimwene. Chikafa musadandaule."

Anaseka, n'kuchikankhira pamthunzi wa kanyumba kake. Ine ndinakwera takisi ndi katundu wanga. Tisanafike n'komwe pamsewu waukulu tulo tinandigwira, ndipo dalaivala anachita kundidzutsa titafika.