Sikelo ya ku Molumbo

Ndinaganiza zochoka chaka chimene nandolo inagwa mtengo. Bambo a Rozita anali atamwalira, ine ndi mwanayo tonse tikumwa ma ARV, chakudya chomwera mankhwalawo palibe. Mnzanga wina anandipezera ntchito ya m'nyumba ku Nampula, koma patrowa, mayi mwini nyumbayo, anati wantchito asabwere ndi mwana. Ndiye ndinamusiya kwa achemwali anga, a Lusiya, ku Molumbo. Mwana wa mng'ono wako ndi wako, ndi mmene timanenera kwathu. Rozita anali ndi zaka zisanu.

Ku Nampula ndinkagona pakatoni m'khitchini. Chimakuwa sindinkachimva bwino, tsiku limatha ndalankhula ndi mapoto okha. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama pafoni, n'kuimba. Yankho linali lomwelo, ali bwino, wapita kumjigo. Tsiku lina wapita kudimba. Ndikafunsa za mankhwala ankati akutenga, osaphonya. Zinali zoona. Kuchipatala n'kutali, ndiye amayi a m'mudzimo ankapatsana ulendo, mmodzi n'kunyamula makadi a onse panjinga kukatengera anzake. Khadi la Rozita linkapita lokha. Mwini wake sanaonekeko chaka ndi miyezi, ndipo ine ndinkakhutira ndi mawu akuti ali bwino chifukwa ndi amene ndinkafuna kumva.

Amene anandiimbira anali namwino watsopano, a Selestina. Nambala yanga anaipeza kuseri kwa khadi. Anati anakana kupereka mankhwala mpaka mwanayo abwere adzakwere sikelo, ndipo sikelo inawerenga zomwe inawerenga ine ndikuchoka. Kenako anatulutsa achemwali panja, n'kumuvula mwanayo diresi.

“Mayi, bwerani. Si nkhani ya pafoni.”

Sindinalire. Ndinamaliza kusita malaya a abwana, n'kuwapachika bwinobwino.

Ulendo unatenga masiku awiri. Nditafika, Rozita anagwada patali n'kundipatsa moni ngati mlendo. Miyendo inali ngati bango. Kumsana kunali mizere, ina yakuda yakale, ina yatsopano. Mabotolo a mankhwala ndinawapeza m'chitini pamwamba pa khoma, ambiri osatsegula.

Achemwali sanakane. Anati mankhwalawo ankamusanzitsa, akasanza ankamukwapula kuti akuchitira dala, kenako anatopa n'kungosiya. Anati nawonso ali ndi ana anayi, ine ndinali kudya mpunga kutauni. Ndinafunsa chifukwa chake Rozita ankadya yekha kuseri kwa nkhokwe, m'mbale yakeyake. Anangoyang'ana kumbali.

Chimene sindinachiyembekezere ndi anthu. Aliyense ankadziwa. Amayi onyamula makadi aja ankadziwa, amalume ankadziwa, a kutchalitchi ankadziwa. Ankabwera kudzandilonjera n'kumati tinkaona koma za m'nyumba ya eni saulula. Amalume anandipempha kuti nkhaniyi ithere pabanja, tisachititsane manyazi kuboma. Ndinangoti ndamva.

Kuchipatala a Selestina anali ataitana kale mayi wina woona za ana. Anatikhazika pabenchi, ine uku, achemwali uku. Mayiyo anagwada kuti alingane ndi Rozita.

“Iwe ukufuna uzikhala ndi ndani?”

Rozita anayang'ana achemwali. Anayang'ana ine, nthawi yaitali ndithu. Kenako anapita kukagwira yunifolomu ya namwino.

Manyazi ndinawamva, koma ngati akuchitikira munthu wina. Mayi woona za ana uja anandipatsa mwanayo, n'kunena kuti ndizibwera naye ine mwezi uliwonse, iye mwini, osati khadi, ndiponso kuti adzatiyendera kunyumba osanena tsiku. Za achemwali zikadali m'manja mwa aboma. Pabanja ena sandilankhula.

Ku Nampula sindinabwerere. Ndinapeza kachipinda ku Milange, ndimagulitsa nthochi pafupi ndi malire. Sikelo yayamba kusuntha pang'ono. M'mawa uliwonse ndimamupatsa phala kaye, kenako piritsi. Amameza msangamsanga, n'kuyasamula kundionetsa kuti lapita, dzanja limodzi ataphimba kumutu.

Ine sindinamumenyepo chibadwire.