Asewele Anga ndi Zining'a Zawo

Lembani momwe ndikuneneramu, musakometse. Asewele anga, amayi ake a mkamwini wanga, moyo wawo unathera pafoni. Ankayankha mafoni kukampani ya mabasi mpaka khutu limodzi linafa. Amuna awo atamwalira anadzakhala m'kanyumba ka kuseri kwathuku, ndi magalasi awo apachingwe, Chingerezi chodzaza sutikesi.

Ine sindinkawalabadira, mpaka pomwe anandilanda mdzukulu wanga. Mwana wokulira kumsana kwangaku, masana aliwonse ankandipesa imvi tikuseka anthu odutsa. Atapeza ntchito m'sitolo ya mafiriji, abwana ake anati Chingerezi chake n'chouma, aphunzire zining'a zomwe amalankhula anthu abizinesi. Basi, chipeso pansi, ulendo kwa asewele.

Ndinkawasuzumira pawindo. Asewele ali phee ngati kasitomala, kachikwama pamiyendo, mwana kuwayankha, kenaka onse kuseka. Kuseka chiyani? Ine osamvapo ngakhale liwu limodzi.

Ndinamufunsa, "Iwe, masiku ano agogo ako ndi amodzi?"

"Agogo, inunso nsanje! Mwezi ukatha abwana andiyesa. Ndikalephera, ntchito yatha."

Tsiku lina anabwera maso ali psuu. Kasitomala wa firiji yowonongeka anamukalipira, zining'a zonse n'kuthawa m'mutu. Asewele anandipeza ndikuchapa.

"Asewele, ine kukalipa sinditha, zaka zonse zija ndinkangopepesa pafoni. Inu pakamwa Mulungu anakupatsani. Bwerani mudzakhale kasitomala."

"Mukuti ndine wolongolola?"

"Ayi, ndikuti muli ndi luso."

Ndinapita, nanga ndikanatani? Kabati yawo ya mbale inasanduka firiji. Ine kuimenya ndi chikhatho, kukuwa kuti nyama yanga yaola, ndiitanireni abwana anu pompano! Mwana ankayenera kundiyankha m'Chingerezi osanjenjemera. Poyamba asewele ankachita kumunong'oneza zining'azo. M'kupita kwa masiku zinayamba kutuluka zokha, ine mawu atasasa.

Mayeso anakhoza, ndipo maphunziro akupitirirabe. Koma ndaona chinthu. Wokuwa ndine, thukuta ndi langa, koma akandiyankha maso ake amathamangira kwa asewele, kuona ngati agwedeza mutu. Ine ndimangokhala ngati kabati ija.

Ndiye ndinaika lamulo langa: kasitomala uyu sakalipa asanapesedwe. Asewele amakhala pamenepo, magalasi pamphuno, zining'a zili m'kamwa, kudikira mpaka imvi yomaliza. Ndipo mwanayo ndimamuuza apese pang'onopang'ono, mutu wanga suchedwa kupweteka.