Wenzulo wa a Gondwe ndi nyimbo ya amayi a ku Luwani

Ntchito ya mbendera ndinaipeza chifukwa cha miyendo. Zipani zitangochuluka, munthu wina wofuna uphungu anaika chikho cha mpira kwathu ku Neno, ndipo a Gondwe, a zaumoyo amene boma linawatumiza ku Midzemba, ankafuna wothamanga m'mbali mwa bwalo. Anandiona ndikuthamangitsa mbuzi, nati, "Iwe, Loweruka ubwere."

Ine yanga inali kuthira phulusa m'mizere, kumanga chingwe pamwamba pa magolo, ndi kukweza kansalu kofiira mpira ukatuluka kapena pakakhala ofusayidi. Wenzulo unali wa a Gondwe. Ndinene mosabisa, ndinkawachitira nsanje. Iwo yunifomu yakuda, wotchi pamkono, makhadi m'thumba. Ine kabudula wakale wa kusukulu. Atsikana ankawaitana kuti "a refa", ine "uja wa kansalu".

Chinkandiwawa kwambiri ndi nthawi yopumulira. A Gondwe ndi anzawo awiri, aphunzitsi oyimbiranso mpira, ankakhala pansi pa mtengo wa mango kumwa thobwa, n'kumaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ankandisiya padzuwa. "Uziyang'anira mpira, ana angathawe nawo." Ndinkalakalaka nditamvako nthabwala imodzi yokha.

Wogulitsa thobwayo, mayi Rozina, ankamva zonse. Anali wa ku Luwani, mmodzi mwa othawa nkhondo ya ku Mozambique amene anakwatiwa konkuno, ndipo nthabwalazo, monga ndinadzadziwira pambuyo pake, zinali za amayi ngati iwowo: akuti mkazi wa ku kampu umamukwatira ndi botolo la mafuta ophikira, likatha nayenso wapita. Mayi Rozina ankangothira thobwa m'makapu.

Tsiku la fainolo, Luwani ndi Matope, amayi a ku Luwani anabwera ndi ng'oma. Tinkayesa adzavinira timu yawo. A Gondwe atangoimba wenzulo woyamba, nyimbo inayamba, ndipo inali nthabwala zija, mawu ake omwewo, ndime iliyonse ndi dzina la mwiniwake. Mayi Rozina ndiwo ankatsogolera. Osewera anasiya mpira n'kuima. Akazi awo a Gondwe, amene anakhala pa benchi ya alendo, anafunda chitenje kumutu n'kunyamuka.

Akuluakulu a chikho ananong'onezana, kenako a Gondwe anabwera kumzere kwanga n'kundipatsa wenzulo. "Tenga. Uziimba mwamphamvu, usamayang'ane anthu."

Wenzulo unali wofunda, ndipo ndinakondwera, ndisaname. Ndinaimbira bwino, penate imodzi yosakanika, khadi yachikasu imodzi. Koma anthu maso anali kumsewu, kumene a Gondwe ankakankha njinga yawo. Mpaka lero fainolo ija amaikumbukira ndi dzina lawo, woimbira wake palibe amene amamudziwa, ndipo zimandipwetekabe.

Masewera atatha mayi Rozina anandipatsa thobwa laulere. "Inu ndiye munaleredwa, achimwene. Simunkaseka nawo, eti?"

Ndinangomwa. Ndinkadziwa kuti a Gondwe akanandiitana pagulu paja ngakhale kamodzi, ndikanaseka kuposa onse kuti andikonde, ndipo nyimbo ija ikanakhala ndi ndime yanga.

Ndaimbira mpira zaka zambiri, ndipo anzanga amati ndimadzimva chifukwa nthabwala ikafika pa mtundu wa anthu ndimachokapo. Sadziwa kuti si kuyera mtima. Tsiku lija ndinapulumuka chifukwa sankandiwerengera, ndipo mwayi wotero subwera kawiri.