Adokotala anati satuluka lero, ife tinamva kuti akufa



Lachitatu lapitali ndinali ku Mkanda kukaona azakhali anga a Nabanda. Amuna awo, a Chikuse, anali atagonekedwa ndi malungo pa kachipatala kena kufupi ndi Boma, ndipo amene ankawadikirira anali mwana wawo Yosefe, amene amachita geni ku boda. Tili pakhonde kuswa mtedza, foni yanga inalira.

"Asuweni, uzani anthu," anatero Yosefe. "Ababa atopa. Adokotala akuti lero silitha ali moyo."

Azakhali anamva zonse, poti foni yanga ndi yosokosera. Anaimirira, n'kuitana dzina la amuna awo kamodzi, kenako anagwa. Titawadzutsa, kamwa linali litapotoka ndipo mkono wamanja sunkagwira.

Tinawanyamula pa galimoto ya mwini chigayo kuthamangira ku chipatala komweko. Kulowa mu wodi ya abambo, abale inu, a Chikuse ali tsonga pa bedi, akudya nthochi, akukalipira anamwino kuti awatulutse chifukwa fodya akuonongeka m'chigafa!

Ndinapita kwa dokotala uja kukafunsa kuti anati chiyani kwenikweni.

"Ine ndimati madalawa satuluka lero, amalize kaye mankhwala," anayankha m'Chichewa chosalala ngati changa.

Nkhani yake inali iyi. Yosefe anapereka moni m'Chingerezi, dokotala naye n'kuyankha m'Chingerezi: "He will not leave today." Yosefe anamva "live". Liwu loyambalo, "leave", ndi kuchoka, ndipo potchula umalikoka. Linalo ndi kukhala moyo, umalidula msanga. Koma m'kamwa mwa ambirife onse awiri amatuluka "livu".

Yosefe anafunsa kuti dokotalayo abwereze? Ayi. Anangoti "Yes, doctor," n'kutuluka kukalira kuseri kwa chimbudzi.

Chimene chandizunguza mutu n'chakuti anthu awiriwa onse anayamwa Chichewa. Nanga Chingerezicho ankayankhulira ndani, pa nkhani ya moyo wa munthu?

Musamuseke Yosefe, chifukwa matendawa tili nawo ambiri. Makutu athu sasiyanitsa "heart" ndi "hurt", kapena "fill" ndi "feel". Chimenecho si chamanyazi, chilankhulocho n'cha eni ake. Chamanyazi n'chakuti timaopa kufunsa. Kubanki, kusukulu ya ana athu, pa boda pomwe, timangogwedeza mutu ngati buluzi, kuopa kuti anthu angati uyu sukulu anaithawa.

Mukakayika, funsani tanthauzo, musangomvera kamvekedwe. Nenani kuti, "Mukutanthauza kuchoka kapena kukhala moyo?" Zikavuta, pemphani kuti akuuzeni m'Chichewa. Palibe amene angakulipiritseni. Ndipo inu ophunzira, mukaona munthu akungoti "yes, yes", bwerezani m'chilankhulo chakwathu.

A Chikuse anatuluka Lachisanu, akuyenda okha. Sanapite ku fodya wawo. Ali ku wodi ya amayi, akumwetsa akazi awo phala ndi sipuni, ndipo azakhali sanayambebe kuyankhula. Yosefe amafika pakhomo la wodiyo n'kubwerera, akulephera kuyang'ana amayi ake kumaso.

Inu amene mukuwerenga, mawu angati mwavomera sabata ino musanawamvetse?