Chifalansa cha Malume Jailosi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene malume anga a Jailosi, mlongo wawo wa amayi, anaganiza zondisandutsa Mfalansa. Iwo anali khukhi kwa mayi wina wachifalansa kumayadi, ndipo Lamulungu lililonse ankatsika kombi kwathu kukomboni ya Budiriro atamanga tayi, akuponda pansi monyansidwa ngati fumbi lathu linawalakwira. Munthu wosenda anyezi wa eni, koma matama ake, ha!

Anauza amayi kuti Madamu akufuna kamtsikana kochangamuka koti kazisewera ndi mwana wawo, ndipo akakalowetsa sukulu yabwino. Bambo anali atachotsedwa ntchito kumafakitale a ku Willowvale, ndiye mwayi umenewo ndinkaulakalaka ndi mtima wonse.

Maphunziro ake anali chizunzo. Ankandiuza kuti ndivumate madzi, ndiyang'ane kudenga, ndiziwachukucha pakhosi mpaka "r" wa Afalansa atatuluka. Madzi amene amayi ankawaimira pamzere kumjigo kuyambira m'mamawa, ine n'kumalavula pakhomo! Ndikalakwitsa ankandikoka khutu.

"Lilime lakoli n'lachimidzi," ankatero. "Chichewa chimalemetsa pakamwa. Nenanso!"

Ndinaloweza mayina a zinthu ndi a anthu. La porte ndi chitseko, la mère ndi mayi, la bonne ndi wantchito wa m'nyumba. Chimene sindinkadziwa n'chakuti malume anali atanamiza Madamu kuti mlongo wawo ndi namwino wamkulu.

Tsiku lodzandiona, Madamu anafika pa galimoto nthawi isanakwane. Ndinawapatsa moni wachifalansa, iwo n'kumwetulira, malume akudzikoka tayi ngati andibereka ndiwo. Pomwepo amayi anatulukira kuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, chitenje chitanyowa, kuphazi mapatapata odukaduka. Anatula ndowa, n'kugwada pakhomo akuomba m'manja monga timalonjerera mlendo. Madamu anafunsa kuti ameneyu ndani.

"C'est la bonne," anayankha malume, osaphethira n'komwe.

Wantchito. Mayi anga, m'nyumba mwawo, atagwadira mlendo wobwera naye malume omwewo! Mtima unandiwira. Ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa sukulu ija yapita, koma pakamwa panatseguka.

"Non, Madame. C'est ma mère."

Ndiye mawuwo anatuluka bwino bwanji, ngati wobadwira komweko. Madamu anayang'ana malume, nkhope ili psuu, ndipo anatsanzika tiyi asanamwe. Malume anatsalira pang'ono kuti andinong'oneze, "Chitsiru iwe, wadziphera wekha tsogolo." Kenako anathamangira kukatsegulira Madamu chitseko cha galimoto, akuwerama ngati nkhuku yotola chimanga.

Amayi sanamvepo kanthu. Anathokoza achimwene awo chifukwa chotibweretsera mlendo wolemekezeka, ndipo kumjigo anauza aliyense kuti mwana wawo wayankhula ndi mzungu m'chiyankhulo chake. Anamwalira akunyadirabe zimenezo, ndipo ine sindinawamasulire.

Sukulu ija ndinaidandaula zaka zambiri, sindinama. Malume anapitiriza kubwera pamaliro ndi pamaukwati, tayi ili pakhosi, akukonza anthu katchulidwe. Ndikawaona ndinkangonyansidwa nawo. Lero, ndili mayi wa ana anga, ndimadziwa chimene chinkandinyansa. Munthu ameneyu anaphunzira kutchula molondola mawu onse a eni ake, koma dzina la mlongo wake linamukanika.