Kabuku Kamene Anasiya Anyamata a ku Brazil

Ankolo Zefa, lero m'basi ya ku Rathmines amayi awiri amacheza m'Chipwitikizi kumbuyo kwanga, ndipo ndinapitirira siteji yanga ndikuganiza za inu. Patha zaka zitatu chitisiyireni.

Mukukumbuka nthawi ija ntchito zinkatha mu Dublin muno, anyamata a ku Brazil a fulati ya pamwamba pathu atabwerera kwawo? Landilodi anatipempha kuti tichotse zomwe anasiya, inu n'kutola kabuku kothothoka chikuto. Ine ndinkangokudziwani ngati wosamalira okalamba, osadziwa kuti munakulira ku Tete. Munakhala pa masitepe, maso akuwerenga Chipwitikizi, pakamwa pakutuluka Chichewa. Inali nkhani ya mudzi wina kumene mvula inakana: zitsime zauma, ng'ombe zikugwa zokha, mayi wina wabisa mbewu m'botolo ana akulira njala. Ndinati, "Ankolo, mukupeka, izitu ndi za kwathu ku Chikwawa." Munati, "Ayi mwanawe, wolembayu anabadwira komweko ku Brazil. Anzake ankalemba za m'tauni, iye n'kukakamira za kwawo mpaka imfa." Mutafika poti mayi uja wakana kuphika mbewuzo, munavula magalasi n'kunena kuti mayi anu anachita zomwezo nthawi ya nkhondo. Ine ndinangoima ndi tsache m'manja. Mpaka lero sindidziwa ngati mvula inadzagwa m'mudzimo, poti tinkati tidzamaliza tsiku lina. Pumulani bwino, ankolo anga.