Dimba la mlongo wanga ndi funso limene linandimangitsa

Tsikulo ku boma tinalipo ndi awa: ine, mlongo wanga wamasiye, mwana wanga wamwamuna amene anali mphunzitsi ku mishoni, mwana wa malemu alamu anga wobadwa kwa mkazi wina, womasulira, asilikali awiri, akuluakulu atatu oitanidwa kudzalangiza za mwambo, ndi mzungu woweruza wochokera ku khoti lalikulu. Zilembo ndinaziphunzira imvi zitamera kale, koma izi ndilemba ndekha.

Mlandu unali wa dimba, m'munsi mwa phiri la Ntchisi. Amayi athu ankalima momwemo, mlongo wanga n'kulilandira. Alamu anga anali mkamwini chabe. Atamwalira, mwana wawo uja anakasuma kuti dimbalo n'la atate ake.

Akuluakulu atatu aja anayankha chimodzimodzi, kuti kwathu kuno dimba limatsata kuchikazi, mkamwini alibe nthaka. Mzungu anamvetsera, analemba, n'kugamula kuti dimba lipite kwa wosumayo. Chifukwa chake sananene.

Ine ndinaomba m'manja n'kudikira. Kwathu mlandu ukagamulidwa amafunsa wogonja ngati wakhutira, ndipo mwini mbumba amayankhula; mwini mbumbayo ndinali ine. Ndinadikira funso limenelo mpaka ndinaona mzungu akutola chipewa chake.

Ndinaimirira. Mawu anga amamveka kutsidya kwa dambo, ndipo tsikulo sindinawachepetse.

"Bwana! Akuluakuluwa munawaitanira chiyani? Kudzafunditsa benchi?"

"Alongo, khalani pansi," anatero mlongo wanga akundikoka nsalu.

Womasulira anati, "Akulu, zimenezo sindingamasulire."

"Masulira, iwe! Si ntchito yako yomweyo? Umufunse kuti iyeyo akalakwa amamuweruza ndani?"

Anamasulira. Mzungu anafiira khosi, nati lamulo limamulola kumva malangizo n'kuwasiya. Funso langa sanaliyankhe. Anandipatsa masabata awiri kundende, kuswa miyala ya msewu.

Dimba linapita, ndi nzimbe zake zomwe. Koma mpaka lero ndikamadutsa pamenepo ndimafuula kuti, "Dimba la mlongo wanga, wadzuka bwanji?" Wofuna kukanena akanene.

Tsiku lotuluka kundende mwana wanga uja anabwera kudzanditenga. Tinakwera chitunda. Tili pamwamba anaima, nati:

"Atate, chigamulo chija chikutanthauza kuti munda wanu udzakhala wanga. Ine sindidzaulima. Mundawo udzapite kwa ana a azakhali, ndipo a boma akafuna adzandimange inenso."